Mpini Ukang'ambika, Mlandu Ngwa Yani?

Abale, pamsika wa Kapata ku Chipata, ngakhale m'misika yathu ya ku Chipangali, mudzapeza mipini iwiri yofanana pakuiona. Umodzi anausema mmisiri woleza mtima. Iye anafunafuna mtengo wolimba wokhala ndi mfundo, kuti mutu wace usang'ambike pakuuboola ndi citsulo camoto. Naudikira uume, naupala ndi kasemasema kufikira mai wokalamba angathe kulimira tsiku lonse osaturuka matuza. Winawo anausema mnzace dzulo lomweli, ukali wauwisi.

Nanga ife ogula ticita ciani? Tiwakakamiza onse awiri alandire ndalama zofanana, zocepetsetsa, ndipo tibwerera kwathu tirikudzitama kuti tacenjera. Koma mmisiri woyamba uja ali nao ana osowa zobvala ndi makope. Caka camawa iyenso adzasema wauwisi. Pamenepo khasu likaguluka pakati pa mzere m'mwezi wa December, udzu ulikuthamangitsana ndi cimanga, timtonza kuti ndiye waulesi.

Sinditi wosema monyenga alibe mlandu. Ali nao ndithu. Koma masabata aja anadikira kuti mtengo uume, ndani wa ife anamlipira?