Nkhokwe yodziluka yokha

Usiku wina kuno ku Kawale, maminibasi atasiya kulira mu msewu, mwana wa malemu achimwene anga anabwera pakhonde ndi laputopu yake. Amaphunzira za mulabotale. Anati, “Bambo aang'ono, bwerani muone kachilombo kaja.” Sanatchule dzina lake. Pakhomo pathu tikati kachilombo kaja aliyense amadziwa.

Ndinkayembekezera chinthu choopsa, cha mano. Koma pagalasipo panaoneka tizidutswa tambirimbiri tikuyandama ngati mankhusu pamadzi. Kenaka tisanu ndi kamodzi tinagwirana n'kupanga kaduwa, kaduwako n'kulumikizana ndi kanzake, mpaka khoma linayamba kupindika lokha. Litatsekeka linali ngati nkhokwe yotambasuka kumwamba, yowonda kumunsi, mbewu ya kachilombo ili m'kati. Woluka panalibe.

Mnyamatayo anandifotokozera modekha. Chikombolecho amachitcha capsid. Chimapangidwa ndi puloteni wa mtundu umodzi, tizidutswa toposa 1,000, ndipo tambiri timakhala m'magulu a 6. Koma magulu a 6 okhaokha amangoyala mphasa, sangatseke. Kuti chitsekeke pamafunika magulu a 5 okwana 12 ndendende. Ndinakumbukira mpira wachikopa wakale uja, wa zigamba zoyera ndi zakuda: zakuda za ngodya zisanu zimakhalanso 12. Achimwene ankaukonda mpira. Tsiku limene anagula wachikopa, ife ana tinataya chikulunga chathu m'ngalande.

Anati makanema otere amawajambula anthu ngati Janet Iwasa wa ku University of Utah, amene anatha zaka akuonetsa moyo wonse wa HIV pakompyuta. Maonekedwe a puloteni aliyense sawapeka. Amawatenga ku Protein Data Bank, nkhokwe ya padziko lonse imene inayamba mu 1971, n'kuwalowetsa m'mapulogalamu omwewo amene ojambula mafilimu amagwiritsa ntchito. Mu 2013 gulu la Klaus Schulten ku Illinois linayendetsa chikombole chonsechi pa kompyuta yaikulu ya Blue Waters, maatomu 64 miliyoni. Komabe anandichenjeza kuti mitundu yofiira ndi yobiriwirayo ndi ya wojambula, komanso kuti m'thupi tizidutswato sitiyenda mwaulemu chotero. Timagundana, timaphonyana, timagwira n'kutayanso, ngati anthu pa depoti ya mabasi madzulo. Ndinamuyamikira mumtima kuti sanandibisire zimenezo.

Ndinamupempha kuti abwereze. Anabwereza kanayi.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti m'kanemamo munalibe nkhanza. Zaka za m'ma 1990 tinkafunafuna woti timuloze chala. Ena ankati ndi tsempho, ena kanyera, ena ankanong'ona za mfiti ya pamudzi, ndipo ambiri ankangoti kaliwondewonde n'kutembenuza nkhope. Mayi anagulitsa mbuzi zawo kuti akalipire kwa asing'anga. Alamu anga ananyozedwa pamaliro a mwamuna wawo yemwe, ndipo ine sindinawaikire kumbuyo. Mpaka lero zimandipweteka. Chonsecho chimene chinkawadya achimwene chinali kanthu aka, kakang'ono moti mazana angapo angandandalikane m'lifupi mwa tsitsi limodzi, kosadziwa dzina la munthu, kongotsata mmene mbali zake zimalumikizirana.

Ndinadzifunsa ngati n'koyenera kuona kukongola mu chinthu chimene chinatisiyira ana amasiye. Ndakhala nalo funsoli masiku angapo. Ndikuganiza kuti kuyang'anitsitsa mdani si kumukonda. Mmisiri wodziwa pamene nsungwi zalumana ndi amene amadziwanso poti asolole kuti dengu limasuke. Mankhwala a lenacapavir, jakisoni wobaya kawiri pachaka, amagwira ntchito pomwepo: amalowa pakati pa tizidutswa tiwiri toyandikana, chikombole n'kuuma mopitirira, kapena kulukika molakwika, kachilombo n'kulephera. Pa kafukufuku wa PURPOSE 1 ku South Africa ndi Uganda, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024, mwa atsikana ndi amayi oposa 2,000 amene anabayidwa panalibe amene anali atatenga HIV pofika nthawiyo. Mu 2025 bungwe la WHO linavomereza kuti mayiko aziugwiritsa ntchito poteteza anthu.

Ndikadutsa pa Bwaila m'mawa ndimaona anthu akulowa ku Martin Preuss Centre kukatenga ma ARV, ena atavala za kuntchito, ena ana ali kumsana. Ambiri mwa iwo sadzaona kanemayu. Ndikanakonda wina atamuika mawu a Chichewa, azionetsedwa m'zipinda zodikiriramo ndi m'masukulu athu a sekondale, kuti mwana wa ku Biwi kapena ku Mgona aone ndi maso ake kuti matendawa alibe ufiti.

Mnyamatayo atatseka laputopu tinakhala chete kanthawi, agalu akuuwa kutsidya. Iye sawakumbukira bambo ake. Anali ndi zaka ziwiri. Achimwene anamwalira mu 1998, ndipo ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004.