Ndadziwakale ndi Dzino la Kumapeto

Padangotero!

Tili tonse!

Kudera la Mfumu Simlemba m'boma la Kasungu kudali mnyamata wina wolima fodya wa bale. Pa ulimi adali katswiri. Nazale yake inkamera bwino kuposa za anzake, ndipo chigafa chake chinkadzaza chaka ndi chaka. Koma adali ndi khalidwe limodzi loipa: munthu akayamba kumulangiza, iye ankamudula mawu nkunena kuti, "Ndadziwa kale." Motero anthu a m'mudzimo adangomupatsa dzina loti Ndadziwakale.

Chaka chimene adakwanitsa zaka 24, mvula ikupita kumapeto, fodya atauma m'chigafa, dzino la kumapeto kwa chibwano lidayamba kumuvuta. Lidamera chopingasa, theka kunja theka lobisika m'nkhama, ndipo nkhamayo idatupa. Adapirira milungu iwiri, koma nsima itayamba kukanika kutafuna, mkazi wake adamuperekeza kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Kumeneko adamulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu cha ku boma.

Dokotala wa mano atamuyang'ana mkamwa adati, "Achimwene, munthu wamkulu amakhala ndi mano 32. Anayi a kumapeto amamera mochedwa, kawirikawiri pakati pa zaka 17 ndi 25, malo atatha kale. Lanuli lasowa pokhala, ndiye tilichotsa."

Adamubaya jekeseni yochititsa dzanzi, nalizula dzinolo, naika thonje pabalapo kuti alume. Kenako adakhala pansi nayamba kulankhula mofatsa.

"Inu ndinu mlimi, mundimvetsa. Mukafesa fodya pa nazale mumaphimba bedi ndi udzu kuti dzuwa lisaotche mbewu. Pamene pachoka dzinopa paundana magazi. Magazi amenewo ndiwo udzu wanu, chifukwa pansi pake pali fupa ndi mitsempha. Lero musachukuche mkamwa, musalavule mwamphamvu, musayamwe kanthu. Kuyambira mawa muzivumata madzi ofunda amchere pang'onopang'ono. Idyani phala lozizira bwino, nthochi ndi mbatata yofewa. Mowa ayi, ntchito yolemetsa ayi. Fodya musasute kwa masiku atatu, ndipo mukatha sabata ndiye bwino koposa. Tsaya litupa masiku awiri kapena atatu, zimenezo zisakuopseni. Koma ululu ukamakula m'malo mochepa..."

"Ndadziwa kale, adokotala," adatero mnyamata uja thonje lili mkamwa, maso ali pakhomo.

Mkazi wake ndiye adatsalira namva mawu onse mpaka kumapeto.

Atafika kumudzi, dzanzi lisanathe nkomwe, Ndadziwakale adalunjika kuchigafa. Mtima wake udali pa lole imene inkayembekezeka kudzanyamula mabelo kupita ku okushoni ya ku Chinkhoma sabata yotsatira. Adasankha fodya mpaka dzuwa kulowa, nathandiza anyamata kukoka jeke yodindira mabelo. Madzulo adakhala pakhonde, napichira chingambwe chake.

"Inu abambo," adatero mkazi wake ali ndi mbale ya phala m'manja, "paja adokotala akaniza zimenezi."

"Amayi, fodyayu ndimalima ndine. Angandichite chiyani? Phalalo kapatseni ana, ine mundiotchere mondokwa."

Adakoka utsi mwamphamvu, masaya nkulowa mkati. Adatafuna mondokwa mbali imodzi, njere zina nkugwera pabala, iye nkumazitokosa ndi kamtengo. Pomaliza adachukucha madzi nkulavula. Pansi padagwa kachibuluma kakuda ka magazi, koma iye adangokapondaponda ndi phazi.

Tsiku lachiwiri lidadutsa bwino, ndipo adaseka mkazi wake kuti ndi wamantha. Usiku wa tsiku lachitatu tulo tidathawa. Ululu udayambira pabala paja, nukwera kukhutu mpaka m'mutu, ukugunda ngati mtondo. Mkamwa mudayamba kununkha. Kutacha mkazi wake adaunika ndi tochi ya foni, ndipo adaona dzenje louma, pansi pake pakuoneka fupa loyera mbee.

"Tiyeni tibwerere kuchipatala, abambo."

"Ndadziwa kale mankhwala ake," adayankha akubuula.

Mnzake wina adamubweretsera fodya wofwenkha kuti atsendere padzenjepo. Wina adabwera ndi kachasu woti avumate. Adachita zonsezo, koma m'malo mochepa, ululu udayaka ngati moto wolusa. Patapita masiku awiri thupi lidatentha, tsaya lidatupa kutsikira kunsi kwa chibwano, pakamwa pankangotseguka polowa chala chimodzi, ndipo kumeza malovu kudasanduka nkhondo.

Apo mayi ake omubereka adabwera ndi ndodo yawo, naima pakhomo.

"Mwana wanga, wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Lero sitikukufunsa. Mpongozi wanga, itanani wa njinga yamoto."

Ndadziwakale adafuna kuyankha, koma pakamwa padakana kutseguka.

Dokotala uja sadamukalipire. Adatsuka dzenjelo, nachotsamo zotsalira za chimanga ndi fodya, naikamo mankhwala oziziritsa ululu. Chifukwa bala lidali litalowa tizilombo, adamugoneka m'chipatala namupatsa mankhwala opha tizilomboto.

"Utsi munkakoka uja ndi kutokosa kuja zidachotsa udzu pa nazale," adatero dokotala. "Fupa likakhala poyera limapweteka chotere. Koma chimene chandiopsa ndi kutupa kotsikira kukhosiku, chifukwa kumatha kutseka njira ya mpweya. Mukadachedwa pang'ono tikadakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo si onse amene amafikako."

Mnyamata uja misozi idalengeza. Polankhula movutikira adati, "Ndiuzeni zonse, adokotala. Ndikumva."

Adatuluka m'chipatala ali wowonda. Adatsiriza mankhwala onse monga adamuuzira, nadya phala lomwe adalinyoza lija kwa masiku ambiri. Lole ya ku Chinkhoma idabwera nkupita iye ali chigonere. Fodya amene adasiya osasankha adagwira chinyontho nachita nkhungu, ndipo mabelo ake atafika pamsika adagulidwa motchipa. Munthu amene adakana kupuma masiku atatu adataya milungu itatu pamodzi ndi thukuta la chaka chonse.

Chaka chotsatira mng'ono wake nayenso adakachotsa dzino la kumapeto. Amene adamuperekeza adali mkulu wake yemwe uja. Ndiye adamubisira machesi, ndiye adamutenthetsera madzi amchere, ndiye adamuletsa kugwira jeke. Patatha sabata mng'onoyo adali akudya nsima ndi kuseka. Kuyambira pamenepo anthu a m'mudzimo adasiya dzina lakale lija, nayamba kumutcha Ndiuzeni.

Nthano yathera pomwepa.

Ana inu ndi akulu omwe, kudziwa kulima sikukupangitsa munthu kudziwa zonse. Dzino likachoka, ntchito ya dokotala yatha, yotsala ndi yanu: tetezani magazi oundana pabalapo, siyani fodya ndi mowa, ndipo musaikepo chilichonse chimene sadakupatseni kuchipatala. Ululu ukakula pa tsiku lachitatu, thupi likatentha, magazi akapanda kuleka, kapena mukavutika kumeza ndi kupuma, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo wina akamakulangizani, mulekeni atsirize mawu ake.