Mtima ndi Impso: Chiwalo Chimodzi Chikadwala

Mawu athu achokera pa Masalimo 26:2, pamene Davide apempha Mulungu kuti amuyese mtima ndi impso zomwe. Davide anatchula ziwalo ziwirizi pamodzi, ndipo m'thupi mwathu zimagwiradi ntchito modalirana.

Mtima umapopa magazi, impso zimawasefa ndi kutaya zoipa, mchere ndi madzi otsala kudzera mu mkodzo. Mtima ukafooka, magazi ofika ku impso amachepa ndipo impso zimayamba kutha mphamvu. Impso zikafooka, mchere ndi madzi zimatsalira m'thupi, BP imakwera, magazi amachepa, ndipo mtima umalemedwa ngati mayi wosenza mtolo wa anthu awiri. N'chifukwa chake ambiri odwala impso amamwalira ndi matenda a mtima asanafike pofuna makina osefa magazi. Adani a ziwalo ziwirizi ndi amodzi: BP yokwera ndi shuga.

Impso zimadwala mwakachetechete. Pamene miyendo yatupa, nkhope yatupa m'mawa, mkodzo ukuchita thovu, kapena tikubanika tikagona chagada, vuto limakhala litapita patali. Tisayambe taloza chala mnansi wathu kuti watilodza. Tithamangire kuchipatala.

Nanga tichite chiyani? Tiyezetse BP ndi shuga ngakhale tikudzimva bwino, makamaka amene BP inatikwera tili ndi pakati. Amene tili pa mankhwala tisawasiye chifukwa mutu waleka kupweteka, ndipo tipemphe adokotala atiyeze impso. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Mphika uli m'manja mwathu, amayi: tichepetse mchere m'ndiwo ndi soda m'therere. Tisamangomwa brufen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku, kapena zitsamba zosadziwika muyezo wake, pakuti zimawononga impso.

Paulo Woyera, pa 1 Akorinto 12, atikumbutsa kuti mpingo ndi thupi limodzi, ndipo kuvutika kwa mmodzi n'kwa tonse. Tikamayendera odwala m'mudzi, tipemphere nawo, komanso tifunse ngati akumwa mankhwala, ndipo amene alibe womuperekeza kuchipatala timuperekeze ndife.

Ambuye, Inu amene muona zobisika za m'kati mwathu, tipatseni nzeru yosamala matupi amene munatipatsa, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.