Ndani Ayenera Kukwera Poyamba?

Tonse timaudziwa mzere. Amai amauima pa mjigo mmamawa. Timauima pa cigayo, ku cipatala ndi pa cipata ca malire pamene tifuna kuoloka mtsinje wa Muloza kupita ku Mulanje. Ena amauchula ndi dzina la Cipwitikizi kuti "bicha". Lamulo lake palibe amene analilemba, koma ngakhale mwana amalidziwa: wofika poyamba ndiye amatunga poyamba.

Pamene shapa ya ku Mocuba yaima pano pa Milange, lamulo limeneli nthawi zina limagwedezeka. Ulendo ndi wautali, pafupifupi makilomita 200. Aliyense afuna malo abwino. Ndiye pafika bambo wobvala bwino, wodziwika kwa woyendetsa, ndipo ampatsa mpando wa kutsogolo. Amai amene anafika tambala asanalire apanikizana kumbuyo ndi matumba a nyemba. Ena ang'ung'udza. Ena angoti, "Ndi mmene zikhalira."

Lero tiyeni tiganize za funso ili: kodi ndi cilungamo kuti munthu atsogole anzake cifukwa ca ndalama zake?

Mzere wa pa bwalo la ndege

Ambiri a ife sitinakwerepo ndege, koma nkhani ya kumeneko itithandiza kuona bwino nkhani yathu.

Makampani a ndege amawerenga maulendo a munthu aliyense amene analembetsa dzina lake kwa iwo. Munthu akauluka kawirikawiri ndi kampani imodzi, amampatsa khadi. Akaonjeza maulendo, khadi lija limakwera, kucoka pa la siliva kufika pa la golide. Kampani ya ku America yochedwa American Airlines inayamba dongosolo lake lotere mu 1981, ndipo makampani ambiri anatsatira. Kampani ya dziko lathu, LAM, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ili ndi lake lochedwa Flamingo Club. Ethiopian Airlines, imene ndege zake zimatera ku Maputo ndi ku Lilongwe, ili ndi ShebaMiles.

Mu 1997 makampani ena anapanga mgwirizano wochedwa Star Alliance, ndipo Ethiopian Airlines inalowamo mu 2011. Munthu wa khadi la golide la mgwirizano umenewu ali ndi mzere wakewake wopereka katundu. Amadikira m'cipinda capadera muli cakudya ndi zakumwa. Nthawi yokwera ikakwana, amaitanidwa ena asanaitanidwe. Ndege ikatera, katundu wake amayenera kutuluka poyamba.

Zonsezi sizicitika mobisa. Kampani imazilengeza poyera kuti anthu akopeke.

Mbali ya kampani

Tisafulumire kuweruza. Poyamba timve mbali ya kampani.

Amai ogulitsa tomato pa msika wa Milange amadziwa amene amagula kwa iwo tsiku ndi tsiku. Munthu wotere amamuikira basela. Mlendo wongodutsa sadandaula, cifukwa tomato amene iye analipira walandira wokwanira. Basela ndi njira yoti wogula uja abwerenso mawa. Kampani ya ndege ikuti nayonso ikungoika basela.

Ndiponso m'ndege zambiri munthu aliyense ali ndi nambala ya mpando wake pa tikiti. Wokwera poyamba salanda mpando wa mnzake. Ndege simanyamuka mzere usanathe, ndipo onse amatera nthawi imodzi. Cimene woyambirira amapindula ndi cakuti amapeza malo oika cikwama cake pamwamba pa mpando asanadzaze, ndipo saima nthawi yaitali. Wotsiriza nthawi zina amasowa malo a cikwama. Kutaya kwake nkomweko.

Tikaona motere, mlandu wa kampani ndi wocepa. Wogulitsa ali ndi ufulu wothokoza wogula wokhulupirika, malinga ngati sakucepetsa muyeso wa ena.

Cifukwa ciani mtima umawawabe?

Komabe munthu akaona mnzake akudutsa mzere, mtima umawawa. Kuno kwathu kuwawa kumeneku kuli ndi mbiri yake.

Agogo athu anakhala pansi pa malamulo a atsamunda a Cipwitikizi amene anagawa anthu m'magulu. Munthu wakuda wamba ankachedwa "indígena". Ankayenda ndi kabuku kochedwa "caderneta" ndipo ankagwidwa kukagwira nchito ya cibalo. Wofuna kutuluka m'gulu limeneli kuti akhale "assimilado" ankayenera kudziwa kulankhula ndi kulemba Cipwitikizi ndi kusiya miyambo ya makolo. Lamulo logawa anthu motere linathetsedwa mu 1961, ndipo dziko linalandira ufulu pa 25 June 1975. Akuluakulu amakumbukanso nkhani za macila, pamene anthu ankanyamula bwana pa mapewa iye atagona.

Kunja nako kunali zotere. Mu 1955, mu mzinda wa Montgomery ku America, mai wina wakuda dzina lake Rosa Parks anakana kusiyira mzungu mpando m'basi ndipo anamangidwa. Anthu akuda a mumzindamo analeka kukwera mabasi kwa nthawi yoposa caka, mpaka lamulo la tsankho m'mabasi linagwa mu 1956.

Khadi la golide silifanana ndi zimenezi. Silifunsa khungu la munthu kapena mtundu wake. Aliyense amene auluka kawirikawiri angalilandire. Koma tifunse: ndani amene auluka kawirikawiri? Mlimi wa cimanga ndi nandolo pansi pa phiri la Tumbine angalime zaka zonse za moyo wake osalipeza khadilo. Citseko ncotsegula kwa onse, koma makwerero ake ndi a ocepa. Ndiponso ambiri a makhadi amenewa amauluka pa nchito, ndipo tikiti imalipidwa ndi kampani, bungwe kapena boma limene akugwirira nchito. Ndalama ya boma ndi msonkho wa anthu. Motero nthawi zina wolipira weniweni ndi amene watsala pansi.

Zifukwa zitatu zotsogolera

Tikayang'ana mizere yonse imene timaima, tipeza kuti munthu amatsogola pa zifukwa zitatu.

Coyamba ndi kufika msanga. Ici ncabwino cifukwa cimayesa anthu onse ndi muyeso umodzi. Mfumu ndi mwana wamasiye onse angathe kulawira.

Caciwiri ndi kusowa. Pa mjigo timalola gogo kuti atunge msanga. M'shapa timasiyira malo mai wa pakati. Ku cipatala mwana wokomoka ndi malungo sadikira kumbuyo kwa munthu wa cimfine. Ngakhale makampani a ndege ambiri amayamba kukweza olumala ndi makolo a ana aang'ono. Pa ici palibe wodandaula, pakuti tonse tidziwa kuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Cacitatu ndi ndalama kapena udindo. Ici cokha ndico cimafuna kuciyang'anitsitsa, cifukwa cimapatsa zambiri kwa amene ali nazo kale.

Funso lothandiza: kutsogolo kuli ciani?

Pofuna kudziwa ngati kutsogola ndi ndalama nkololeka, tifunse mafunso awiri. Kodi cimene cili kutsogolo kwa mzere cikwanira onse? Nanga kodi moyo wa munthu ukudalira cimeneco?

Pa khomo la ndege mipando ikwanira onse a matikiti, ndipo palibe amene afa cifukwa cokwera potsiriza. Pamenepo ndalama ingatsogole, ngakhale sizikondweretsa maso.

Tsopano tione mzere wina. Mu April 1912 sitima yaikulu ya pa madzi yochedwa Titanic inagunda cimwala ca madzi oundana niimira. Munali anthu oposa 2,200, koma mabwato opulumukira anali 20 okha, okwana pafupifupi theka la anthuwo. Anamwalira anthu pafupifupi 1,500. Mwa anthu 10 alionse a kalasi yoyamba, anapulumuka pafupifupi 6. Mwa anthu 4 alionse a kalasi yacitatu, anapulumuka mmodzi. Zipinda za olemera zinali pamwamba, pafupi ndi mabwato. Za osauka zinali pansi, kutali. Tikiti imene inagulidwa kuti munthu agone pabwino inasanduka tikiti ya moyo.

Mizere yotere nafenso timaidziwa. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwa pa Zambezia ndi kumwera kwa Malawi, nagwetsa nyumba ndi kukokolola minda. Pambuyo pa tsoka lotere anthu amaima pa mzere wa ufa, wa mbeu ndi wa mankhwala. Matumba amatha mzere usanathe. Pamenepo munthu mmodzi akalowa kutsogolo cifukwa ca ndalama, cibale kapena udindo, kumbuyo kuli wina amene abwerera ndi mbale yopanda kanthu. Uko sikuikira basela. Ndi kulanda.

Zaka zoposa 200 zapitazo, dokotala wa asilikali a Napoleon wa ku France, dzina lake Dominique Larrey, anaika lamulo lakuti wobvulala kwambiri athandizidwe poyamba, kaya ndi mkulu wa asilikali kaya msilikali wamba. Nzeru imeneyi ndiyo imene zipatala zimatsata posankha odwala mwakayakaya. Pa nkhani ya moyo, bala ndilo limalankhula.

Poyera ndi mseri

Palinso kusiyana kwina kumene tiyenera kukuona. Kampani ya ndege ndi ya malonda, ndipo lamulo lake lili poyera. Wosakondwa nalo angalidzudzule. Koma munthu akapereka kangacepe mseri kwa wogwira nchito ya boma kuti pepala lake lidindidwe msanga, akugula cinthu cimene wogulitsayo si mwini wake. Nthawi ya kalaliki, ya namwino ndi ya mlonda wa pa cipata ndi ya anthu onse. Anailipira kale ndi msonkho. Malo a pa mzere wa boma sagulitsidwa, cifukwa pamaso pa boma nzika zonse ndi zofanana.

Ngozi ya cizolowezi

Ngakhale pamene kutsogola sikupweteka wina, kungathe kupweteka wotsogolayo. Munthu akazolowera kuitanidwa poyamba, pang'onopang'ono amayamba kukhulupirira kuti iye ndi woposa anzake. Khadi linapangidwa kuti limuthokoze pogula, koma iye amaliyesa umboni wa umunthu wake. Tsiku lina afika ku cipatala ca kumudzi, napeza amai ali pa mzere, nadabwa kuti palibe womuitana. Makolo anati, ukakwera pa msana wa njobvu usamati pansi palibe mame.

Ngozi ina ili kwa ife otsala kumbuyo. Tikazolowera kupatuka nthawi zonse pamene wafika wobvala bwino, timaphunzitsa ana athu kuti malo ao ndi kumbuyo. Mau akuti "ndi mmene zikhalira" ndi amene anasunga macila zaka zambiri.

Ulemu ndi cinthu cabwino, ndipo sitifuna kuutaya. Pa maliro ndi pa bwalo timapatsa mpando akuluakulu ndi alendo. Koma ulemu umenewu timaupereka tokha ndi mtima wathu, ndipo mkulu weniweni amaubweza. Amaonetsetsa kuti ana adya. Amalankhula potsiriza atamva onse. Ulemu wogula ndi ndalama umatha tsiku limene ndalama yatha.

Tinene ciani tsono?

Kampani ya ndege ikakweza poyamba ogula ake okhulupirika, sinalakwe kwambiri, malinga ngati odwala, okalamba ndi a makanda sanaiwalike, ndipo aliyense wapeza mpando umene analipira. Woyendetsa shapa angasungire mnzake mpando wa kutsogolo, koma akafika gogo wodwala mwendo, mpando uja upite kwa gogo. Ndipo pa cipatala, pa cakudya ca cithandizo, pa mbeu, pa madzi ndi pa ofesi ya boma, ndalama ilibe mau. Pamenepo otsogola ndi awiri okha: wofika msanga ndi wosowa kwambiri.

Kudziwa kuwerenga kumathandiza pa nkhani imeneyi. Wodziwa kuwerenga amaona yekha dzina lake pa mndandanda. Amawerenga nambala ya pa tikiti yake ndi cidziwitso ca pa khoma. Akadutsidwa, amafunsa mwaulemu kuti, "Pepani bambo, lamulo limeneli lalembedwa pati?" Funso limeneli ndi laling'ono, koma limaongola mizere yambiri.

Mafunso okambirana

1. Chulani mizere itatu imene mumaima m'mudzi mwanu. Pa mzere uliwonse, ndani amatsogola, ndipo cifukwa ciani?

2. Kodi basela ndi kangacepe zimasiyana bwanji?

3. Mfumu, mai wa pakati ndi mnyamata amene analawira afika pa cigayo cimodzi. Inu mukanakhala mwini cigayo, mukanayamba ndi yani?

4. Lembani m'kope mwanu mau awa: mzere, ulemu, cilungamo, ufulu. Pangani ciganizo cimodzi ndi liu lililonse.