Kodi Wosadziwa Ali ndi Mlandu?

Makolo athu anati, "Safunsa anadya phula." Mwambi umenewu udzudzula munthu amene sanafunse. Koma ngati wophunzira sanauzidwe konse kuti pali cinthu coyenera kufunsa, kodi mlandu uli pa yani? Tiyeni, awerengi, tiliyese funsoli pa nkhani ya kuthira magazi m'thupi la wodwala, ndi m'mene luso limeneli liphunzitsidwira m'sukulu za udokotala.

Kale madokotala anali mumdima. M'caka ca 1667, ku Paris, Jean-Baptiste Denis anathira magazi a nyama m'mitsempha ya anthu. Mmodzi atamwalira, mcitidwewo unaletsedwa. Pambuyo pace anayesa magazi a munthu, koma odwala ena anacira, ena anafa, ndipo panalibe wodziwa cifukwa cace. Tsono mu 1901, ku Vienna, Karl Landsteiner anaonetsa kuti magazi a anthu ali m'magulu osiyana, amene lero tiwachula A, B ndi O, ndi kuti magulu osayanjana akakumana magazi amaundana. Amene analakwa caka cimeneco cisanafike tingathe kuwakhululukira, pakuti nzeruyo kunalibe. Lero ilipo.

Komabe nzeru yokhala m'mabuku siipulumutsa munthu. Mu 1996 a ku Britain anayamba kulemba pamodzi ngozi zoopsa zocitika pothira magazi, ndipo anapeza kuti zambiri sizinacokere ku matenda obisika m'magazimo ai, koma ku zolakwa za anthu: kulemba dzina lina pa kabotolo kopimira, kapena kupatsa wodwala magazi okonzera mnzace. Zochinjiriza ngozi zotere nzosabvuta kuzimva. Magazi asungidwe pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 6. Akaturutsidwa, alowe m'thupi maola 4 asanathe. Dzina liwerengedwenso pambali pa bedi. Ndipo wodwala ayang'aniridwe bwino, makamaka pa mphindi 15 zoyamba. Bvuto lace ndi lakuti phunziro limeneli likhudza nthambi zambiri, ya opaleshoni, ya azamba, ya matenda a ana, kotero kuti mphunzitsi ali yense angayese kuti mnzace waliphunzitsa kale. Munda wa anthu onse umamera thengo.

Tisaiwalenso kuti pa nkhaniyi pali munthu wina amene dokotala samuona, ndiye wopereka magazi. Iye atambasula mkono wace napereka pafupifupi mamililita 450 kwa mlendo amene sadzakomana naye. Kuno ku Malawi, kumene bungwe la Malawi Blood Transfusion Service linakhazikitsidwa mu 2003, opereka ambiri ndi anyamata ndi atsikana a sukulu, ndipo olandira ambiri ndi ana amene malungo awathera magazi, ndi amai otaya magazi pobereka. Magazi sapangidwa m'fakitale. Cifukwa cace dokotala ayenera kudziwanso nthawi yoleka kuwapereka. Mu 1999 madokotala a ku Canada anaonetsa kuti odwala ambiri akayakaya amene anapatsidwa magazi mosamala, podikira kuti acepedi, sanafe koposa anzao amene anapatsidwa msanga. Thumba lothiridwa mwa munthu wosalisowa lalandidwa kwa mai amene adzalisowa usiku womwewo.

Wina adzati, "Zophunzira za udokotala zacuruka kale; izi adzazidziwa ali pa nchito." Nzoona kuti zophunzira nzambiri. Koma tifunse: adzaphunzirira pa thupi la yani? Mwana akalakwa samu pa bolodi, timafufuta nayambanso. Magazi olakwika akalowa m'mtsempha sabwezeka. Madzi akatayika saoleka.

Ife aphunzitsi a ana ang'ono tidziwa kuti mwana akakwera kalasi asanadziwe kuwerenga, wolakwa woyamba ndiye amene anamkweza. Momwemonso, sukulu imene ipatsa munthu cikalata ca udokotala yalonjeza kwa anthu onse kuti manja ace ngokhulupirika. Iyenera kupatula nthawi ya phunziroli, kuika mwini wace wodziwika, ndi kuyesa wophunzira ali yense pambali pa bedi, osati pa pepala pokha.

Tsono yankho langa ndi ili: dokotala wosafunsa ali ndi mlandu wace ndithu, koma pamene nzeru ilipo ndipo siinaperekedwe, mlandu waukuru uli pa amene anaisunga osaiphunzitsa.