Nyamukani, Chisanu Chikutsazika pa Mulanje

Ogasiti ndi mwezi wa okwera phiri. Chisanu cha Juni ndi Julaye chayamba kufooka, mitsinje yaphwera moti mutha kuwoloka podumpha miyala, ndipo utsi wa moto wolusa wa mu Sepitembala ndi Okutobala sunaphimbe mlengalenga. Inu amene mwakhala mukunena kuti tsiku lina mudzakwera Mulanje, tsikulo lakwana. Mangani nsapato!

Anthu amawoloka nyanja zamchere kudzaponda pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, pamene ife a ku Limbe, Luchenza ndi Chitakale timangoliwonera phirili pawindo la minibasi. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Nanga eni akefe tidikira chiyani? Anyamata ndi atsikana a m'munsi mwa phiri amalithamanga pa mpikisano wa Porters Race. Inu simukupemphedwa kuthamanga. Ingoyendani.

Yambirani pa Likhubula m'mamawa. Njira ya Skyline yopita ku Chambe ndi chitunda chosanyengerera munthu, mawondo adzadandaula ndithu. Ya Chapaluka ndi yofatsirako, ndipo imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, pomwe madzi ake nyengo ino amaluma mafupa. Mukatulukira pamwamba, dziko limatseguka: udzu wofiirira mbali zonse, mphepo yoyera, ndi kanyumba kogonamo alendo kakufuka utsi chapatali.

Koma musanamizidwe ndi dzuwa la masana. Chisanu chikamatsazika chimaluma komaliza. Usiku pamwambapo kumazizira mpaka mame kuundana pa udzu, ndipo m'mawa mumamva khirichi khirichi pansi pa nsapato. Chiperoni nayenso sagogoda. Mphepo ikangochokera ku Mozambique, nkhungu imatsika ndi mvula yamawawa, mnzanu amene ali mapazi khumi kutsogolo osaonekanso, thanthwe lomwe linali louma n'kusanduka loterera ngati therere. Pochoka pa kanyumba kogonamo ka Chisepo kupita ku Sapitwa pali malo okwawa ndi manja, ena opanikizika pakati pa miyala. Mu Julaye 2009 mnyamata wina wa ku Brazil adapitirira yekha wopanda womuperekeza, nyengo idasintha, ndipo chisanu chidamupha. Choncho tengani wolondolera njira wa komweko, mumulipire bwino, ndipo akati tibwerere, bwererani osatsutsa. Iyeyo ndiye akudziwanso pomwe zigumukire za namondwe Freddy mu 2023 zidasintha njira.

M'chikwama muikemo juzi yokhuthala, jekete yamvula, chipewa, tochi, mtedza ndi mbatata yowotcha. Machesi asamaleni kwambiri, chifukwa udzu wauma ndipo mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu ndi nkhwangwa ndi moto.

Mwina mukuti ndalama palibe, kapena thupi lalemera. Sonkhanani anthu asanu, a kuntchito kapena a kwaya, mugawane mtengo wa wolondolera ndi wa malo ogona. Sapitwa akakukulirani chaka chino, kagoneni ku Chambe kapena ku Lichenya, mudzatsike mawa lake miyendo ikunjenjemera. Sankhani Loweruka la mwezi uno, muwaimbire anzanuwo lero, dzuwa la Okutobala lisanayambe kuwotcha matanthwe.