Za Mmisiri wa Magetsi ndi Nchito Yobisika m'Khoma

Mlandu umene tiika pamaso panu mwezi uno ngwa m'nyumba mwathu momwe. Tinaumba njerwa, tinaziocha, tinafolera ndi malata. Ndipo pakuona kuti mizati ya magetsi yafika pafupi ndi mudzi wathu, tinaitana mmisiri kuti atiikire mawaya. Mmisiriyo si mlendo ai, ndiye mphwace wa mnansi wathu, mwana amene tinamuona alikukula. Anagwira nchito masiku 5, namata makoma, nalandira theka la malipiro ace.

Asanadze a ESCOM kudzalumikiza nyumbayo ku mzati, tinapempha mmisiri wina wacikulire kuti ayang'ane nchitoyo. Iye anakwera kudenga, natsika ali cete, ndipo pambuyo pace anatisonyeza zinthu zitatu. Ku masoketi kunapita waya wa 1.5, woyenera mababu okha, pamene pafunika wa 2.5, ndipo waya woonda akasenza mphamvu yomposa atentha kufikira cikopa cace cisungunuka. Pamwamba pa mitanda mawaya anangopotedwa ndi zala ndi kukulungidwa tepi, opanda kabokosi. Mfundo yotere ikakhwepa ithetheka moto. Coopsa koposa ndi ici: waya wa ethi, uja wobiriwira ndi wacikasu, analimo m'masoketi, koma sanafike ku citsulo cokhomedwa m'nthaka, pakuti citsuloco panalibe. Nchito ya waya ameneyu ndiyo kuthawitsira magetsi pansi pamene alowerera m'thupi la nsimbi kapena la ketulo. Iye akasowa, njira yotsala ya mavoti 230 ndiyo munthu wogwira nsimbiyo.

Tsono ticitenji naye? Ena anati, "Mlekeni, ndi mwana wathu, mlipireni, muitane wina mwakacetecete, cibale cingaonongeke." Ena anati, "Asalandire kanthu, ndipo mukamnenere ku MERA, kumene amisiri a magetsi alandira ziphaso zao." Mau oyambawo anatikomera m'mtima, pakuti ife a kumudzi tiopa kucititsa munthu manyazi koposa kuopa moto.

Koma tiyeni tilingalire bwino. Mpando wopendama uoneka usanaugule, ndi mphika wong'aluka udziulula wokha ukaugogoda ndi cala. Nchito ya magetsi siitero. Ikwiriridwa m'khoma, ndipo usiku woyamba babu la mmisiri wonyenga liwala monga la mmisiri wokhulupirika. Cotero cimene tigula kwa munthu wotere ndico mau ace akuti, Zonse ziri bwino. Ndipo mauwo akakhala onama, wonyengedwa si mwini nyumba yekha. Alipo mwana wokwawa, alipo mlendo wogona usiku umodzi, alipo mnansi wa denga laudzu amene moto sudzampempha cilolezo. Onsewa panalibe pamene tinapangana mtengo. Tikakhala cete cifukwa ca cisoni, cisonico ticilipira ndi matupi a anthu ena, ndipo mnyamatayo adzanka ku nyumba yina ali wotsimikiza kuti nchito yace njabwino.

Komanso sitingathe kusamba m'manja. Iye anachula mtengo wace, ife tinautsitsa katatu. Anati waya wabwino ngwodula, ife tinati, Gula amene ndalamazi zikwanira. Za ciphaso sitinamfunse konse. Ndipo akulu anati safunsa anadya phula. Zoonadi colakwa cace ncacikulu koposa cathu, popeza iye anadziwa cimene waya woonda acita, ife sitinadziwe. Wodziwa ayenera kukana, ngakhale nchito imcokere. Koma munthu wokakamiza mmisiri wosauka kusankha pakati pa njala ndi cinyengo asadzadabwe ndi cosankha cace. Ndiponso makoma anawasema bwino, mapaipi anawaika moongoka. Thukuta limenelo nlace. Kummana zonse kukanakhala kuba, ngakhale tikanakucha cilungamo.

Cotero tinamuitana madzulo, pamodzi ndi amalume ace, anthu ena osadziwa. Mkulu uja anamsonyeza colakwa ciri conse ndi cala, wosakweza mau. Tinabvomera mbali yathu, ndi kunena kuti waya woyenera ndi citsulo ca pansi tidzagula ndife. Iye abwereze nchito yonse wosaonjezera mtengo, ndipo theka lotsala adzalandira mkuluyo atayesa mawaya onse. Mnyamatayo anayang'ana pansi nthawi yaitali, nati, "Koma bambo, magetsi akanayaka." Tinati, "Inde mwana wanga, akanayaka. Ndico cimene citiopsa." Lolemba m'mamawa anabwera ndi zipangizo zace. Mnansi wathu sanatipatse moni wabwino kufikira lero.

Catsala cinthu cimodzi cimene citisowetsa tulo. Tsidya lija la dambo kuli nyumba ya mai wamasiye, ya zidzukulu zinai, imene mmisiri yemweyo anaikamo mawaya caka catha. Kodi tiri nao ufulu wa kukaononga mbiri yace kumeneko? Nanga tiri nao ufulu wa kukhala cete? Tampempha kuti apite yekha akayang'anenso nchito yace, ndipo wabvomera ndi pakamwa, koma mapazi ace sanaoloke dambolo. Tamuuza kuti mwezi uno ukatha iye asanapite, tidzatenga mkulu uja ndi kupita tokha.